NJERE ZA NTHULA: MULI CHAKUDYA, KOMA MULINSO CHIPHE

Alimi anzathu, palibe mwa inu amene sadziwa nthula. Timaiona m'mbali mwa misewu, kuseri kwa makola, pa mabwinja ndiponso m'malo odyetsera ziweto momwe udzu udatha. Chitsamba chake chimakhala ndi masamba a cheya, nthawi zambiri ndi minga, ndipo maluwa ake amafanana ndi a mabilinganya. Zipatso zake zikapsa zimasanduka zachikasu, zokongola ndithu, mwakuti ana amakonda kuziseweretsa.

Masiku ano nkhani zimayenda msanga pa wailesi ndi pa foni. Ena mwa inu mwamvapo kuti akatswiri adapima njere za mabilinganya akutchire ndipo adapezamo mafuta ndi zakudya zomanga thupi. Nkhani imeneyi ndi yoona, koma ndi theka chabe. Munthu amene wamva theka lokhali, makamaka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zapepuka, angathe kudzipweteka yekha kapena kupweteka ana ake. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'phunziro lino tiona zomwe zili m'kanjere ka nthula, chifukwa chake sitiyenera kudya, ndiponso phindu lenileni lomwe chitsambachi chili nalo kwa mlimi.

NTHULA NDI ABALE AKE

Zomera zili ndi mabanja monga anthu. Nthula ili m'banja limodzi ndi matimati, mbatata ya kachewere, tsabola, fodya, mnadzi ndi mabilinganya. M'banjali muli fuko lalikulu lomwe akatswiri amalitcha Solanum, ndipo fukoli lili ndi mitundu yoposa 1,000 pa dziko lonse lapansi.

Mabuku akale a zomera ankatcha nthula ya kuno Solanum incanum kapena Solanum panduriforme. Atapimanso bwino, akatswiri a masiku ano amaika nthula zambiri za kum'mawa ndi kumwera kwa Africa pansi pa dzina lakuti Solanum campylacanthum. Maina awa musavutike nawo. Chofunika kudziwa n'chakuti pali abale atatu omwe mlimi ayenera kuwasiyanitsa:

1. Mabilinganya akuluakulu aja timalima kudimba. Amenewa adayamba kulimidwa ku Asia, makamaka ku India ndi ku China.

2. Zimphwa, zomwe anzathu a ku Zambia amati impwa. Izi ndi zathu za muno mu Africa. Makolo a kale adazisankha kuchokera ku chitsamba cha kutchire chowawa kwambiri, ndipo mbadwo ndi mbadwo ankasunga mbewu ya zipatso zosawawitsa kufikira zidasanduka ndiwo.

3. Nthula, yomwe palibe adaisankhapo. Ikadali monga momwe idalili kutchire.

Tsono mukamva mawu akuti "mabilinganya akutchire", dziwani kuti mawuwa amanena mitundu yambiri. Ku Ghana, ku India ndi ku Thailand anthu amaphika timabilinganya ting'onoting'ono tobiriwira ta chitsamba chotchedwa Solanum torvum. Zomwe zapimidwa pa chitsamba chimenecho sizinena za nthula ya kuseri kwa khola lanu.

ZOMWE ZILI M'KANJERE

Njere iliyonse ili ngati mwana wa pa ulendo yemwe wanyamula kamba wake. M'kati mwake muli kamera kakang'ono, ndipo pambali pake pali chakudya chomwe kamerako kadzadye kufikira katatulutsa mizu ndi masamba. Akatswiri akasinja njere za mabilinganya ndi abale ake akutchire amapezamo zinthu izi:

Mafuta. Pa magawo 100 aliwonse a njere zouma, magawo pafupifupi 20 mpaka 25 amakhala mafuta. Muyeso umenewu ukufanana ndi wa soya, yemwe ali ndi magawo pafupifupi 20, koma ndi wochepa poyerekeza ndi mtedza womwe uli ndi magawo 45 mpaka 50. Gawo lalikulu la mafutawa ndi la mtundu wotchedwa linoleic acid, womwe umapezekanso wambiri m'mafuta a mpendadzuwa. Thupi la munthu silitha kudzipangira lokha mafuta a mtundu umenewu, motero liyenera kuwapeza m'chakudya.

Zomanga thupi. Awa ndi mapuloteni, omwe timawapezanso mu nyemba, nandolo, mtedza ndi usipa. Kamera kamawafuna pomanga mizu ndi masamba ake oyamba.

Makoko. Khungu la kanjere ndi lolimba ndipo silipukusika m'mimba. N'chifukwa chake njere zimatuluka zamoyo m'ndowe za nyama zomwe zadya zipatso, ndi kukamera kutali.

Michere. Muli potaziyamu, fosifolasi, kashiyamu ndi ayironi, monga zilili njere zambiri. Koma mulinso mankhwala ena, monga phytate, omwe amagwira ayironi ndi zinki kuti thupi lisazilandire zonse. Motero zomwe zalembedwa pa pepala la wopima sizifika zonse m'magazi a wakudya.

Tiyeni tichite masamu pang'ono. Njere za mabilinganya ndi zazing'ono kwambiri: pa galamu imodzi pamalowa njere 200 kapena kuposerapo, ndipo za nthula sizisiyana nazo kwenikweni. Kuti mupeze lita imodzi ya mafuta pangafunike makilogalamu pafupifupi 5 a njere zouma, ngakhale makina atafinya osasiyako dontho. Makilogalamu 5 ndi njere 1,000,000. Lita yomweyo ingatuluke m'makilogalamu awiri kapena atatu a mtedza woswa. Mlimi wanzeru aona yekha kumene kuli phindu la thukuta lake.

CHIPHE CHA NTHULA

Chomera sichithawa mdani. Chimadziteteza ndi minga, cheya ndi kuwawa. Kuwawa kwa nthula kumachokera ku mankhwala omwe akatswiri amawatcha glycoalkaloid. Mu nthula ndi abale ake a mabilinganya, awiri akuluakulu ndi solasonine ndi solamargine. Mu mbatata ya kachewere muli abale awo otchedwa solanine ndi chaconine, omwe amachuluka mbatata ikabiriwira ndi dzuwa kapena ikayamba kuphuka. Solanine adapezeka koyamba m'chaka cha 1820 ku France, m'zipatso za chomera cha mtundu wa mnadzi.

Chiphe chimenechi chimagwira ntchito m'njira ziwiri. Poyamba chimaboola timakungu ta tizigawo ting'onoting'ono ta m'matumbo, ndipo munthu amamva kutentha kukhosi, nseru, kupotokola m'mimba, kusanza ndi kutsegula m'mimba. Kachiwiri chimasokoneza mauthenga oyenda m'mitsempha, ndipo munthu amachita chizungulire, amafooka, amasokonezeka mutu, mwinanso kulephera kupuma bwino. Zizindikirozi zingathe kuoneka patapita maola angapo, motero makolo ena sazindikira msanga kuti chadwalitsa mwana n'chiyani.

Kodi chiphe chochuluka bwanji chimadwalitsa? Chomwe chidapimidwa kwambiri ndi cha mbatata. Maiko ambiri amatsata malire akuti mbatata yogulitsa isapose mamiligalamu 200 pa kilogalamu imodzi. M'chaka cha 2020 bungwe loona za ukhondo wa chakudya ku Ulaya lidanena kuti munthu angayambe kudwala akadya miligalamu imodzi yokha pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa thupi lake. Ndiye kuti mwana wolemera makilogalamu 15 angadwale ndi mamiligalamu 15. Kumbukirani kuti kasupuni ka tiyi kodzaza mchere kamalemera pafupifupi mamiligalamu 5,000. Mwaona kuchepa kwake.

Zoterezi zidachitikadi. Madokotala a ku England adalemba m'chaka cha 1979 za anyamata 78 a pa sukulu ina kumwera kwa London omwe adadwala atadya mbatata yomwe idagonera m'nyumba yosungiramo chakudya nthawi yonse ya tchuthi. Anyamata 17 adagonekedwa m'chipatala. Ngati mbatata yolimidwa ingachite zotere, nanga bwanji chipatso cha kutchire? Nthula ili ndi chiphe chochuluka kuposa mabilinganya ndi zimphwa zomwe timadya, ndipo kupsa kwa chipatso sikutanthauza kuti chiphe chatha. Njere nazo zimakhala m'madzi oterera a m'chipatsomo, omwe ndi owawa kwambiri.

BWANJI OSANGOWIRITSA?

Funso ili ndi labwino, pakuti alimi a kuno amadziwa kuchotsa chiphe m'zakudya zina. Anzathu a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota amaviika chinangwa chowawa masiku angapo, kenaka amachiyanika ndi kusinja ufa wa kondoole. Chiphe cha chinangwa chimatuluka m'madzi ndipo chimauluka poyanika. Amayi a kumwera amawiritsa kalongonda nthawi yaitali nataya madzi kangapo. Kumafakitale amayenga mafuta a njere za thonje kuti achotse chiphe chake asanawagulitse.

Chiphe cha nthula n'chosiyana. Sichiuluka, sichisungunuka bwino m'madzi, ndipo chimapirira moto. Madzi amawira pa madigiri 100, koma mankhwala a mtundu uwu sayamba kuonongeka kufikira kutentha kutapitirira pamenepo kwambiri. Kukazinga m'phale, kuyanika pa dzuwa kapena kusinja sikungakutsimikizireni kuti chakudyacho chayera. M'zaka za njala, monga 1949 ndi 2002, anthu ena m'dziko muno adadwala chifukwa chodya zikhawo ndi zipatso za kutchire zomwe sadali kuzidziwa bwino. Tisaonjezere nthula pa mndandanda umenewo.

NANGA NYAMA ZINA ZIMADYA BWANJI?

Ofufuza a ku Laikipia, m'dziko la Kenya, adaona kuti njovu ndi nswala zimadya nthula popanda kuvutika, ndipo kumene nyamazi zidatsekeredwa kunja ndi mpanda, nthula idachuluka kwambiri. Koma mimba ya njovu si mimba ya munthu, ndiponso si ya nkhosa. Ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi zingathe kudwala zikadya zipatso zambiri, makamaka zosapsa. Chiweto chotere chimatuluka dovu, chimatupa mimba, chimatsegula m'mimba ndipo chimayenda modzandira. Kawirikawiri ziweto zimaipewa nthula, koma mu Okutobala ndi Novembala, msipu ukasowa, njala imazikakamiza.

Palinso phunziro lina apa. Nthula imachuluka kumene ziweto zadya udzu mopyola muyeso. Mukaona dambo lanu likudzaza nthula, ndiye kuti nthaka ikukuuzani kuti ziweto zachuluka pamalopo ndipo msipu ukufuna kupuma.

PHINDU LENILENI LA NTHULA

Tisaganize kuti chitsambachi n'chachabe. Phindu lake lilipo, koma silidzera m'mphika.

Choyamba ndi pa ntchito yopanga mbewu zamakono. Nthula imamera pa nthaka youma ndi yoguga pomwe bilinganya sangapirire. Mphamvu imeneyi imasungika m'njere zake. Akatswiri a pa yunivesite ina ku Valencia, m'dziko la Spain, akhala akukwatitsa mabilinganya ndi Solanum incanum kuti apeze mbewu zopirira chilala. Adapezanso kuti chipatso cha kutchirechi chili ndi chlorogenic acid wambiri. Awa ndi mankhwala achilengedwe omwe amathandiza thupi, ndipo ndi omwe amachititsa kuti bilinganya ade mukamudula ndi mpeni. Kuyambira m'chaka cha 2011 bungwe la Crop Trust, pamodzi ndi nkhokwe ya mbewu ya Kew ku England, lidatsogolera ntchito yotolera njere za abale akutchire a mbewu zolimidwa, ndipo mabilinganya adali m'gulumo. Bungwe la World Vegetable Center, lomwe likulu lake lili ku Taiwan ndipo lili ndi nthambi ku Arusha, limasunga mitundu yambiri ya mabilinganya. Kuno kwathu nkhokwe yosungira mitundu ya mbewu ili ku Chitedze.

Ntchito yokwatitsayi imafuna kusamala, chifukwa chiphe chimatsagana ndi mphamvu. M'chaka cha 1967 ku America adatulutsa mbatata yatsopano yotchedwa Lenape, yomwe m'makolo ake mudali mbatata ya kutchire. Idali yokoma pokazinga, koma idapezeka ndi chiphe chochuluka ndipo idachotsedwa pa msika mu 1970. N'chifukwa chake mbewu yatsopano imapimidwa zaka zingapo isanafike kwa alimi.

Chachiwiri ndi kumezanitsa. Alimi a ku Italy, ku Japan ndi maiko ena amadula mbande ya bilinganya ndi kuilumikiza pa tsinde la Solanum torvum uja. Mizu ya chitsamba cha kutchirechi imalimbana ndi matenda ofotetsa a m'nthaka ndiponso tinyongolotsi totupitsa mizu, pomwe zipatso zimakhalabe za bilinganya.

Chachitatu ndi mankhwala a kuchipatala. Chiphe chija chikaphwanyidwa ku fakitale chimatulutsa solasodine, yemwe angasandutsidwe mankhwala ochepetsa kutupa ndi ena olerera. Ku India alimi ena adalimapo chitsamba cha mtundu wa nthula chifukwa cha ntchito imeneyi, ndipo mankhwalawo amapezeka ambiri m'madzi oterera okuta njere. Koma pakati pa chipatso ndi piritsi pali makina, miyeso ndi akatswiri. Madzi a nthula ofinya pakhomo si mankhwala omwera.

Chachinayi, ku Sudan abusa amagwiritsa ntchito njere za chitsamba china cha fuko lomweli pogwiritsa mkaka popanga tchizi, chifukwa m'njerezo muli mphamvu youndanitsa mkaka. Ku Zimbabwe ofufuza adayesa madzi a zipatso za nthula pa nkhupakupa za ng'ombe ndipo adaona kuti amazichepetsa. Izi zikusonyeza kuti m'chipatsomo muli mphamvu, koma musasiye dibi chifukwa cha nkhani imeneyi. Funsani kaye Mlangizi wa ziweto.

ZOYENERA KUCHITA MLIMI

1. Musadye zipatso kapena njere za nthula, zaziwisi kapena zophika, ndipo musazisakanize mu ufa wa phala la ana. Chakudya chomanga thupi muli nacho kale: nsinjiro, soya wokazinga bwino, nyemba, khobwe ndi nthanga za maungu.

2. Phunzitsani ana kusiyanitsa nthula ndi zimphwa. Zimphwa timazilima ndipo timathyola zikadali zoyera kapena zobiriwira, zikapsa zimafiira. Nthula imamera yokha, imakhala ndi mawanga ikadali yaiwisi ndipo ikapsa imakhala yachikasu. Chipatso chomwe simudabzale ndipo simukuchidziwa, chisiyeni. Safunsa adadya phula.

3. Mwana akadya nthula, thamangirani naye kuchipatala ndipo nyamulani chipatsocho kuti adokotala achione. Musamukakamize kusanza. Madzi a nthula akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri ndipo pitani kuchipatala.

4. Musapere njere za nthula m'chakudya cha nkhuku kapena nkhumba. Sungani mapesi, masangwi a mtedza ndi udzu wouma kuti ziweto zisasowe chakudya m'chilimwe.

5. Zulani nthula m'munda ndi m'mbali mwa dimba isanabereke. Kuitchetcha kokha sikukwana chifukwa imaphukanso kuchokera ku mizu. Popeza ndi mbale wa matimati ndi fodya, ingathe kusunga tizilombo monga akangaude ofiira pamene mbewuzi kulibe m'munda.

6. Pokolola soya, nyemba ndi mtedza, onetsetsani kuti zipatso za nthula sizidalowe mu mulu. Zokolola za zinyalala zimatsika giredi pa msika, ndipo zinyalala zachiphe ndiye zoipitsitsa. Petani ndi kusankha bwino musanathire m'matumba.

7. Wina akakuuzani kuti mutolere kapena kulima nthula ponena kuti adzagula njere zake pa mtengo wokwera, musathamange. Nthula si mbewu yomwe imagulidwa pa misika yathu ya zokolola. Mlimi wanzeru amadziwa msika asanagwire khasu.

KUSUNGA MBEWU YA ZIMPHWA NDI MABILINGANYA

Njere zomwe zingakupindulireni ndi za mbewu zomwe makolo adatisankhira kale. M'mera mpoyamba, motero tsatani njira izi.

Sankhani mitengo yathanzi, yobereka kwambiri ndiponso ya zipatso zosawawitsa. Imangeni kansalu kuti ana asathyoleko za ndiwo. Njuchi zimanyamula mungu kuchoka pa duwa lina kupita pa lina, ndipo bilinganya angathe kukwatana ndi abale ake akutchire. Mbewu yotere imadzabala zipatso zazing'ono, zaminga ndi zowawa. Ichi ndi chifukwa china chozulira nthula pafupi ndi dimba.

Lekani zipatso zipse ndithu pa mtengo: zimphwa zifiire, mabilinganya asanduke achikasu kapena odera. Dulani, finyirani njere m'beseni la madzi ndi kuzitsuka. Njere zabwino zimamira, ndipo zoyandama tayani. Yanikani pa nsalu kapena pa lichero pamthunzi podutsa mphepo kufikira zitauma gwa. Ikani m'botolo louma lotseka bwino, muthiremo phulusa pang'ono, mulembe dzina la mbewu ndi chaka, ndipo sungani pamalo pozizira.

Musanafese, yesani mbewu yanu. Ikani njere 20 pa kansalu konyowa ndipo musalole kuti kaume. Pakatha masabata awiri werengani zomwe zamera. Zikamera 16 kapena kuposerapo, mbewuyo ndi yabwino. Zikachepera 10, funani ina. Mukaona mtengo wa zipatso zowawa modabwitsa pakati pa mbewu zanu, uzuleni ndipo musasungeko njere.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA KALABU

1. Tchulani zinthu zinayi zomwe zimapezeka m'njere za nthula.

2. N'chifukwa chiyani kuviika kumathandiza pa chinangwa chowawa koma sikuthandiza pa nthula?

3. Kodi m'dera lanu nthula yachuluka pati? Malo amenewo akukuuzani chiyani za msipu?

4. Ndani pa kalabu yanu amene ali ndi mbewu yabwino ya zimphwa yomwe angagawireko anzake chaka chino?

Kambiranani mafunsowa pa msonkhano wanu wotsatira, ndipo itanani Mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu kuti adzakhale nanu. Bwerani ndi nthambi ya nthula ndi ya zimphwa kuti aliyense, ndi ana omwe, aone kusiyana kwake ndi maso.